Tepi imene sinagwere m'madzi

Elube mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe uli ku Chinguluwe kokatsanzikana ndi azakhali ako, chifukwa ukakhala pano sindingathe. Umandidula mawu ngati malemu amayi ako, ndipo ine akandidula kamodzi ndimaiwala kumene ndimalowera. Kalatayi ndiyiika m'thumba la m'mbali la sutukesi yako pamodzi ndi kaphukusi kokulunga m'nsalu. Usamasule kaphukusiko usanawerenge mpaka kumapeto. Ndikudziwa kuti uyambira kaphukusiko, koma ine ndanena.

Wandifotokozera katatu za ntchito ukukagwirayo, ndiye ndikubwezere kuti uone ngati ndinamva. A Namatepi, mzungu uja anakhala kuno ku Senga Bay zaka ziwiri iwe uli wamng'ono akujambula mawu a ana, akalamba tsopano, ndipo matepi awo onse awapereka ku yunivesite ya kwawo. Kumeneko akufuna munthu wodziwa Chichewa ndi kompyuta kuti alowetse mawu onsewo m'makina. Kenaka makinawo aziyesa kuphunzira ngati mwana. Azimva zimene ana ankamva, ndipo inu muziona kuti amatola liti zining'a monga kupsa mtima, kugwa mphwayi kapena kusowa mtengo wogwira, mawu amene munthu sangawamvetse pongodziwa liwu lililonse palokha. Ngati ndaphonya udzandikonze. Koma pali chimodzi chimene ndikuchidziwa kuposa iwe ndi aphunzitsi ako onse, ndicho mmene matepiwo anajambulidwira, chifukwa wonyamula makina ojambulira ndinali ine. Mu ntchito imeneyo muli mabodza anga. Ukapanda kuwadziwa ukadyetsa kompyuta yakoyo zinthu zowola, iyo n'kumangomeza.

Ntchitoyo ndinaipeza mwangozi. Ndinali woperekera zakudya ku hotela, ndipo a Namatepi anafunsa a manijala ngati pali munthu wodziwa Chingerezi ndi kulemba bwino amene angamawathandize masana, nthawi imene alendo agona. A manijala analoza ine chifukwa ndinkalemba ndi dzanja labwino ndiponso sindinkamwa. Dzina la Namatepi anawapatsa ndi amayi a kudoko, dzina lawo lenileni linkatipinda lilime. Makinawo ndinkawanyamula m'dengu, pamwamba nditaphimba chitenje kuti ana asamawayang'ane. Ana ake munalipo asanu ndi mmodzi. Awiri okha ndi amene ali m'nkhani ino: iwe, ndi Asiyatu mwana wa a Sumaili, msodzi amene nyumba yawo inali kuseri kwa yathu. M'mapepala ukakawapezawo mayina mulibe, muli zilembo. Mwana wolembedwa kuti E ndiwe.

Cholakwa changa choyamba chinali ukhondo. Tikajambula, ine ndinkakhala pansi ndi kope kumvetsera tepi ndi kulemba zimene ana anena. Koma ana amalankhula zokhotakhota, amayamba mawu n'kuwasiya panjira, ena ankasakaniza ndi Chiyao cha agogo awo. Ine ndinkachita manyazi kuti mzungu akatenga zimenezi kupita nazo kwawo adzati Achewa salankhula bwino. Ndiye ndinkawongola. Mwana wa zaka zitatu m'makope anga amalankhula ngati wowerenga nkhani pa wayilesi. A Namatepi Chichewa chawo chinali cha moni ndi zikomo basi, sanadziwe. Choncho makope onse olembedwa ndi dzanja langa usawakhulupirire, ngakhale akukongola. Bwerera ku tepi, umvetsere wekha, ulembe zimene wamva. Mwana akakhosomola pakati pa mawu, lemba kuti wakhosomola. Kuwongola mawu a munthu si kumulemekeza ayi, ine ndinkangobisa manyazi anga.

Cholakwa chachiwiri chinali kunyada, ndipo ichi ndimaseka ndikachikumbukira. Mwana akatchula chining'a ine n'kuwamasulira, a Namatepi ankasangalala kwambiri, n'kuika chizindikiro ndi pensulo yofiira pambali pa chilembo chake. Ndinaona kuti Asiyatu akukuposa zizindikiro. Mwana wa msodzi kuposa mwana wa munthu wovala jekete loyera, zinandiwawa. Ndiye Lamulungu lina titachoka ku tchalitchi ndinakukhazika pakhonde ndi mbale ya mtedza. Ndikati, "Nena kuti ndagwa mphwayi," iwe n'kunena, ine n'kukupatsa mtedza. Tinachita zimenezi mpaka mbale inatha. Amayi ako akupeta mpunga anangoti, "Bambo a Elube, mwanayu mukumuphunzitsa ngati chinkhwe. Adzakuyalutsani pagulu, mudzandiuza." Lolemba lake unandiyalutsadi. Unkathamangitsa abakha a eni ake ukuseka, ukukuwa kuti wagwa mphwayi. Akupatsa bango, wagwa mphwayi. Akufunsa dzina lako, wagwa mphwayi. A Namatepi analemba zonse ndi pensulo yawo yofiira, akuti apeza chinthu chachilendo. Patatha masabata awiri unali utaiwala. Ukafika pa tepi yachisanu mpaka yachisanu ndi chitatu, dziwa kuti si mwana amene akulankhula pamenepo, ndi mtedza wanga. Ndipo iwe ukadzayamba kufuna kuti makina ako atulutse yankho limene lingasangalatse abwana ako, udzakumbukire abakha aja.

Tsopano ndafika pa nkhani imene yandichititsa kutenga cholembera. Ukakayala matepiwo motsatana upeza kuti nambala khumi ndi zinayi palibe. M'buku la a Namatepi analembamo kuti inagwera m'madzi. Anawauza zimenezo ndine, ndipo sinagwere m'madzi.

Iwe zaka zimenezo sukuzikumbukira bwino. Masiku ano anyamata amatukwana atsogoleri m'minibasi kondakitala n'kumawathandizira, ndipo chichitireni chisankho cha zipani zambiri aliyense wasanduka wolimba mtima. Nthawi imeneyo munthu ankatha kusowa chifukwa cha chiganizo chimodzi. Tsiku lina Lachitatu ku hotela kunabwera amuna awiri ochokera ku tauni, anakhala pa tebulo la pakona n'kuitanitsa chambo. Woperekera zakudya anthu amamuona ngati mpando, salabadira kuti ali ndi makutu. Ndikuwathirira madzi ndinamva akunena za msodzi dzina lake Sumaili, amene anawolotsa pa bwato lake munthu wina wofunidwa ndi boma. Anagwirizana kuti adzamutenge Lachisanu akamatuluka mu mzikiti, pamaso pa anthu, kuti ena atengerepo phunziro. Ndinawafunsa ngati akufuna tsabola, ndipo anati akufuna.

Masana ndinabwera kunyumba n'kuwauza amayi ako kukhitchini. Usaganize kuti ndinawauza kuti achitepo kanthu. Ndinawauza chifukwa zinkandilemera, ndipo ndinamaliza ndi kuwachenjeza kuti asatsegule pakamwa. Iwo anatenga beseni ngati akukagula usipa, n'kulowera ku mathandala kumene a Sumaili ankayanika nsomba. Atabwerera anaika beseni pansi, muli usipa wochepa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndawatsina khutu a Sumaili. Inu khalani ndi mantha anuwo." Ananena kamodzi kokha. Iwe unali kuseri kwa chitseko ukusewera ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo palibe anakuwerengera. Tsiku lomwelo dzuwa likadalipo a Sumaili anakankha bwato ngati akupita kokaponya ukonde, osabwereranso kwa zaka zambiri. Lachisanu amuna aja anadikira panja pa mzikiti mpaka munthu womaliza atavala nsapato zake.

Sabata yotsatira a Namatepi anapita ku Lilongwe kukakonzetsa mapepala awo, n'kundisiyira makina kuti ndizijambula ndekha. Ndinaika dengu kuseri kwa nyumba yathu pamene inu munkasewera masanje. Asiyatu anayamba kulira, akufuna bambo ake. Iwe unasiya kachigoba kamene unkaphikiramo mchenga, unamugwira paphewa n'kunena kuti, "Usalire. Amayi anga anawatsina khutu abambo ako, n'chifukwa chake sanawagwire." Unali ndi zaka zinayi ndi miyezi ingapo. Unanena pamalo pake, kwa munthu wake, ndipo mawu unawatsitsa ngati mmene anachitira amayi ako. Amayi akowo anali pafupi akuchapa. Anaseka kwambiri, akuti, "Mwana uyu! Makutu ngati a mleme!" Kenaka anayang'ana dengu lija n'kusiya kuseka. Anakuitanani nonse awiri kuti mudzadye mango, ndipo anayamba kucheza nanu zambirimbiri mokweza mawu, za mango, za nkhuku, za diresi limene adzakusokere pa Khirisimasi, ngati kuti mawu ambiri angakwirire ochepa aja. Tepi inkangozungulira mpaka inatha.

Matepi onse asanatuluke m'dziko ankayenera kukamveredwa kaye ndi anthu a boma. Ndiye ganiza wekha. Chinthu chimene a Namatepi anawolokera nyanja zikuluzikulu kudzafuna, mwana wamng'ono kugwiritsa ntchito chining'a molondola popanda womuuzira, chinali pa tepi imeneyo. Ndipo tepi yomweyo inali yokwanira kuti amayi ako akwezedwe galimoto ya apolisi. Atabwera a Namatepi ndinawauza kuti ndinaterereka podumpha khwawa, tepi n'kugwera m'madzi. Anandipepesa, anafunsanso ngati sindinavulale. Ndinapita nayo kuchimbudzi kuti ndikaiponye m'dzenje, ndinaima pamenepo kwa nthawi, n'kubwera nayo. Sindinganene kuti kunali kulimba mtima. Ndine munthu wosataya zinthu, ukudziwa wekha za mabatire akutha amene adzaza m'kabati. Ndinaikulunga m'nsalu n'kuiika pansi pa bokosi la zovala, kunsi kwa jekete langa lakale.

Bodza limenelo sindilichitira manyazi, ndipo zitabwereranso ndikhoza kunamanso. Chimene ndimachita nacho manyazi ndi chimene ndinachita madzulo a tsiku limene ndinajambula tepiyo. Ndinakukokera kuseri kwa khola la nkhuku, ndinakugwedeza, n'kukuuza kuti ukadzabwerezanso mawu amene wamva kwa akuluakulu kudzabwera anthu kudzatenga amayi ako, ndipo udzakhala iweyo wawapereka. Unandiyang'ana osamvetsa, n'kufunsa kuti, "Mawu ake ati?" Ndinakumenya mbama. Ndi tsiku lokhalo limene ndinakumenya m'moyo wako wonse, ndipo unali usanalakwe chilichonse. Amayi ako sanandilankhule masiku atatu.

Kuyambira tepi nambala khumi ndi zisanu upeza kuti mwana E wasintha. Amayankha kuti eya ndi ayi. Anzake akamalongolola iye amangoti zii. Pambali pa chilembo chake palibenso pensulo yofiira mpaka kumapeto. A Namatepi anaziona, ndipo tsiku lina anandiuza mosangalala kuti aphunzirapo kanthu: akuti zikuoneka kuti ana ena amatola zining'a msanga kenaka n'kuzisiya kwa kanthawi, ngati gawo la kakulidwe kawo. Ine ndinagwedeza mutu n'kunena kuti ndi zoona, madamu. Mwina analemba zimenezo m'mabuku awo, mwina ena anawerenga n'kukhulupirira, sindikudziwa. Sikunali kakulidwe, Elube. Inali mbama yanga. Kompyuta yako ikakawerengera mawu a mwana E ikapeza chimodzimodzi chimene anapeza a Namatepi, ndipo ikakhala yolakwa mofanana, kungoti mwachangu.

Si iwe wekha amene unatseka pakamwa. Ife akuluakulu tonse tinkadziwa chimene chili m'dengu lija. Ndikangotulukira nalo, amayi a kudoko ankasiya nkhani zawo n'kuyamba za mwera ndi za mtengo wa mchere. M'nyumba mwathu ine ndi amayi ako tinayamba kulankhulana ndi maso iwe ukakhalapo. Choncho makina ako akakamvetsera matepi onsewo akaganiza kuti anthu a kuno zaka zimenezo ankangokamba za usipa ndi mphepo, ndipo akadabwa kuti ana ankazitenga kuti zina zonsezo. Ankazitenga kuseri kwa zitseko. Pa tepi iliyonse uzidzifunsa kuti panali ndani pamenepo, ankaopa ndani, ndipo anasiya kunena chiyani. Zimenezi makina sangazimve, koma iwe unabadwira momwemo. Lemba zimene wamva, ndipo pamene anthu angoti zii mwadzidzidzi ulembenso kuti anangoti zii.

Ine si wophunzira ngati iwe, koma ndakhala ndi zaka zambiri zoganizira chinthu chimodzi. Mawu amene ndinakubwerezera Lamulungu lathunthu ndi mbale ya mtedza unawataya m'masabata awiri. Mawu amene amayi ako ananena kamodzi, motsitsa, osakuuza iweyo, unawatola onse pamodzi ndi katchulidwe kake n'kukawagwiritsa ntchito pamene mnzako ankalira. Wandiuza kuti makina anu amadalira kuwerenga kuti mwana wamva kangati. Mwina zimathandiza, sindikutsutsa. Koma ndikuganiza kuti mwana amatchera khutu kwambiri pamene waona kuti akuluakulu nkhope zasintha. Mmene ungaziuzire kompyuta zimenezo ndi ntchito yako, ndi imene akukuitanira.

Ukafika ukawauze a Namatepi zonsezi, usachotsepo kanthu pofuna kunditeteza. Ndikudziwa kuti n'zovuta kuyamba ntchito ndi kuulula kuti bambo ako anawononga zina mwa zimene abwana ako anavutikira zaka ziwiri. Mwina akwiya, mwina akuyang'ana mokayikira kwa kanthawi. Pirira. Ine ndinakhala chete kuti ndisunge ntchito yonyamula thireyi ku hotela, ndipo ndakuuza kale zimene zinatulukamo. Ukawauzenso kuti ine Fulaide, amene ndinkawasungira tebulo la pafupi ndi zenera, ndikupepesa. Za khwawa lija asandikhululukire ngati sakufuna, koma za makope ndi za mtedza ndikupepesa ndithu.

Kumbukiranso kuti zilembo zili m'mapepalazo ndi anthu. Mlungu watha ndinakwera minibasi kupita ku Khombedza, kumene Asiyatu amagulitsa mpunga pamsika, chifukwa kulira kwake kuli pa tepi imeneyi ndipo sindikanaipereka osamufunsa. Ndinamufotokozera zonse ataima pambali pa matumba ake. Iye anati, "Perekani, bambo. Insha Allah ikathandiza. Koma Elube akandiuze ngati ndinkalira monyansa." Ukamuyankhe ameneyo, ali ndi ana atatu tsopano koma akudikira. Bambo ake unawaona pamene anabwerera, chaka chija tinavotera zipani zambiri, atakalamba diso limodzi litachita khungu. Unadabwa kuti Msilamu akufuna chiyani pa manda a amayi ako, ndipo ine ndinakuuza kuti ndi chifundo cha anthu oyandikana nyumba. Anapita kukathokoza. Anaima pamenepo n'kupereka duwa yawo, pemphero la Chisilamu, ine ndili kumbuyo nditagwira chipewa, ndipo sanandifunse kuti amayi ako anazidziwa bwanji.

Zina ndi zazing'ono. Kumeneko akuti kumazizira, ugule jekete lenileni, usadalire juzi la azakhali ako. Uzidya usanayambe ntchito, chifukwa ukakhala ndi njala umapsa mtima msanga. Oyeretsa m'maofesi ndi operekera tiyi uziwapatsa moni, ndipo usamanene pamaso pawo zimene sungafune kuti zimveke. Akakufunsa chinthu cha Chichewa chimene sukuchidziwa, nena kuti sukudziwa, usapeke kuti uoneke mwini chilankhulo. Ndipo ndikubwerezanso, lemba zimene wamva.

Tsopano ukhoza kumasula kaphukusi, ngati sunamasule kale. Amayi ako anatisiya uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, opanda chithunzi chooneka bwino. Wandifunsa kangapo kuti mawu awo ankamveka bwanji. Unandifunsa uli ku pulayimale, unandifunsanso tsiku limene unalandira kalata yokuitana ku koleji. Nthawi zonse ndinkati ankamveka ngati a azakhali ako. Si zoona, azakhali ako amalankhulira m'mphuno. Mawu a amayi ako anali m'bokosi, m'chipinda chimene iwe unkasesa Loweruka lililonse. Poyamba ndinkaopa boma, ndipo chinali chifukwa chomveka. Koma boma lija linapita, papita zaka zitatu, ine osaitulutsabe. Ndinkaopa iwe. Sindikanakupatsa tepiyi popanda kukuuza za kuseri kwa khola, ndipo ndinkakonda kuti uzindiona ngati bambo amene sanakumenyepo.

Mwina yawonongeka, yakhala m'bokosi nthawi yaitali ndipo kuno n'kotentha. Kumeneko ali ndi anthu odziwa kukonza zoterezi, uwapemphe aigwire mosamala. Ikalira, usayambe n'kuipatsa kompyuta. Tseka chitseko, ukhale wekha, umvetsere mpaka pamene akunena za diresi la Khirisimasi. Ukatero uilembe ngati tepi ina iliyonse, nambala khumi ndi zinayi, uibwezere pamalo pake pakati pa zinzake, ndipo mwana E umupatse chizindikiro chake chofiira chimene ndinamulanda.

Ine sindinaimvereko chijambulire. Ukaimva undilembere kalata, undiuze mmene amayi ako amasekera pamenepo, chifukwa ndayamba kuiwala.

Uyende bwino mawa. Sindikuperekeza mpaka ku Lilongwe, ndikakusiya pa siteji.

Ndine bambo ako,
Fulaide